Mafunso Anu pa Zakudya: Msuzi wa Nkhuku ndi Masamba kwa Amene Achepetsa Nsima

Makalata ambiri amene ndalandira mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiyo ya chakudya chamadzulo cha munthu amene wauzidwa kuti achepetse nsima, mpunga, buledi ndi mbatata. Popeza nyengo yozizira yafika ndipo chiperoni wayamba kale kutilowetsa m'nyumba dzuwa lisanalowe, ndasankha makalata anayi amene akufunsa za msuzi wa nkhuku ndi masamba.

FUNSO: Mayi, amuna anga anawapeza ndi matenda a shuga chaka chatha, ndipo kuchipatala anatiuza kuti achepetse nsima ndi zakudya zina zokhutitsa, makamaka madzulo. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndiziwaphikira msuzi wa nkhuku. Ndayesa kawiri, koma zimene ndinaphika zinali madzi okhaokha, ndipo abambowo anadzuka pakati pa usiku kukafuna buledi. Kodi msuzi ungakhale chakudya cha munthu wamkulu wogwira ntchito? Ngati n'zotheka, ndiuphike bwanji?
Mayi wa ana anayi, Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, ndikuthokozeni chifukwa simunataye mtima. Vuto limene mwakumana nalo ndi la ife tonse amene tinakulira pa nsima, pakuti kwathu kuno msuzi timauphika kuti ukhale wosunsira mbamu, ndipo chimene chimakhutitsa munthu ndi mtanda umene uli pambali. Mukachotsa mtandawo n'kusiya msuzi momwe unalili, ndiye kuti mwawapatsa abambowo madzi onunkhira nkhuku basi, ndipo njala iyenera kuwadzutsa. Msuzi umene ukulowa m'malo mwa nsima uyenera kukhala wodzaza, woti supuni iliyonse ikamatuluka m'mbale izinyamula nyama ndi masamba, madzi n'kumangotsatira pambuyo.

Achipatala akamatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, gulu limene amalitcha la zakudya zokhutitsa ndilo lili ndi sitachi wambiri, ndipo sitachi akagayika m'mimba amasanduka shuga wolowa m'magazi. Sitachi ndi shuga zonse zili m'gulu la makabohaidireti. Pa magalamu 100 a ufa wa chimanga, pafupifupi magalamu 75 ndi makabohaidireti. Pa mpunga wophika ndi pafupifupi 28, ndipo pa mbatata yophika ndi pafupifupi 20. Kabichi wolemera chimodzimodzi ali ndi magalamu 6 okha, matimati 4, bowa 3, pamene nyama ya nkhuku ilibe konse. N'chifukwa chake munthu angathe kudya mbale yodzaza ya msuzi wotere, n'kukhuta, shuga wake osakwera monga amakwerera ndi mitanda itatu ya nsima yoyera.

Pa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, pezani nkhuku imodzi ya chikuda yokhwima. Ikakhala thadzi losiya kuikira kapena tambala wamkulu ndi bwino koposa, chifukwa mafupa, khungu ndi mitsempha ya nkhuku yotere ndi zimene zimapatsa msuzi mphamvu ndi kukoma. Nkhuku za Mikolongwe nazonso zimachita bwino. Iduleni nthuli zazikulu osachotsa mafupa, ndipo khosi, msana, mapiko ndi zipalapasiro zosenda ndi kutsuka bwino zilowe zonse mumphika. Nthutumba nayo ilowe, ndipo pogawa muwasungire abambo monga mwa mwambo wathu, pakuti munthu amene wachepetsa nsima ayenera kuona kuti ulemu wake pa chakudya sunachepe. Mukamaliza kudula, sambani m'manja ndi sopo ndi kutsuka mpeni ndi thabwa musanakhudze masamba, chifukwa nyama yaiwisi ya nkhuku imanyamula tizilombo totsegula m'mimba.

Tenthetsani masupuni awiri a mafuta ophikira mumphika waukulu, n'kukazingamo nthulizo mpaka zitafiirira mbali zonse. Ambiri amafulumira kuthira madzi nyama isanafiirire, ndipo ndi pamenepo msuzi umataya kukoma kwake kusanayambe n'komwe. Nyama ikafiirira, ikani anyezi awiri odula, adyo wosinja ndi jinja wosinja wamkulu ngati chala chachikulu, ndipo anyeziwo akafewa onjezerani matimati atatu akupsa. Matimati akasungunuka, thirani madzi okwana malita awiri ndi theka pamodzi ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Madzi akayamba kuwira mudzaona thovu lotuwa likuyandama pamwamba, ndipo limenelo lichotseni ndi chipande kuti msuzi ukhale woyera. Kenako chepetsani moto. Ngati mukuphikira pa mbaula, chotsaniko makala ena kuti mphika uziwira mwakachetechete, uli wovundikira mosatseka kwenikweni. Nkhuku ya chikuda imafuna ola limodzi ndi theka, nthawi zina mpaka maola awiri, ndipo moto waukulu sufupikitsa nthawiyi, koma umangoumitsa madzi n'kulimbitsa nyama. Nkhuku yachizungu, ya broiler, imapsa m'mphindi 40 kapena 45, ndipo mukaipitirira imanyenyeka n'kutha kukoma.

Nyama ikafewa moti ikuchoka yokha pa fupa, ivuuleni, muilekanitse ndi mafupa, n'kuing'ambang'amba tizidutswa tokwana pa supuni. Mafupawo abwezereni mumphika awire kwa theka lina la ola, kenako muwachotse onse mosamala kuopa kuti tizidutswa tawo tingabaye ana pakhosi.

Masamba musawaike nthawi imodzi, chifukwa sapsa mofanana. Oyamba kulowa ndi olimba: zitheba zodzaza manja awiri, mabiringanya awiri odula ndi karoti mmodzi. Ndanena mmodzi mwadala, pakuti karoti ndi wotsekemera ndipo ali ndi makabohaidireti pafupifupi magalamu 10 pa magalamu 100 alionse, kotero mmodzi akwanira kukongoletsa mphika wonse. Zikawira kwa mphindi 10, ikani theka la kabichi woduladula ndi therere lobala lokwana khumi, ziwirenso kwa mphindi 6 kapena 7. Otsiriza ndi masamba ofewa monga mpiru, repu, chayinizi, bonongwe kapena nkhwani, amene amangofuna mphindi 3 kapena 4 kuti akhale obiriwira ndi okoma. Soda musathiremo, chifukwa amawononga mavitamini ena a m'masamba. Bwezerani nyama ija, msuzi uwire pang'ono, phulani, ndipo mufinyiremo theka la ndimu. Ndimu amadzutsa kukoma kwa msuzi moti simufunanso kuonjezera mchere, ndipo amene amakonda kuwawa angaikemo kambuzi mmodzi m'mbale yawo.

Pogawa, mbale ya abambo ikhale ndi nyama yokwana chikhatho chawo chonse, masamba ochuluka kuposa nyamayo, ndi madzi ongophimba pamwamba. Pambali ikanipo theka la peyala kapena dzira lowiritsa, chifukwa mafuta a peyala ndi zomanga thupi za m'dzira zimachedwa kugayika ndipo zimathamangitsa njala ya pakati pa usiku. Ngati achipatala anangoti achepetse nsima osati kuisiyiratu, kamtanda kamodzi ka mgaiwa kokwana nkhonya yawo kangatsagane ndi msuziwo. Mgaiwa uli ndi gaga wothandiza kuti chakudya chisagayike mofulumira, koma nawonso ndi chimanga, kotero muyeso wake usapitirire.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachinyalanyaze. Ngati abambo amabaya insulin kapena amamwa mapiritsi monga glibenclamide, kuchepetsa zakudya zokhutitsa mwadzidzidzi pamene muyeso wa mankhwala uli womwewo kungatsitse shuga mopitirira muyeso, ndipo zimenezi n'zoopsa makamaka usiku munthu ali mtulo. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka maganizo. Zikatero, ngati akutha kumeza, apatseni masupuni aang'ono atatu a shuga m'kapu ya madzi, ndipo ngati akomoka musawamwetse kanthu koma thamangirani nawo kuchipatala. Musanasinthe chakudya chamadzulo kotheratu, pitani nawo kukiliniki ya shuga mukafotokoze zimene mukufuna kuchita, kuti adokotala aone ngati mankhwala akufunika kusintha. Msuzi umathandiza mankhwala kugwira ntchito, koma abambo asasiye kumwa mankhwala awo chifukwa cha msuziwu.

FUNSO: Mayi, ine ndine wamasiye ndipo ndimadziphikira ndekha. Ndili ndi vuto la kuthamanga kwa magazi komanso thupi landikulira. Msuzi wamadzimadzi sundikomera, kotero ndimaikamo mbatatesi zambiri ndi supu wa m'mapaketi kuti ugwirane. Mwana wanga akuti potero ndikuwononga cholinga chonse. Kodi akunena zoona?
Bambo wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo akunena zoona, ngakhale kuti chilakolako chanu cha msuzi wogwirana n'chomveka ndipo chingathe kukwaniritsidwa. Mbatatesi ndi chakudya chabwino, koma zili m'gulu limodzi ndi nsima, ndipo zitatu zazikulu mumphika zimabwezeretsa sitachi yense amene munamuthawa. Chinangwa ndiye choposa, pakuti chili ndi makabohaidireti pafupifupi magalamu 38 pa magalamu 100 alionse, ndipo nthochi zophika nazonso zili m'gulu lomwelo. Za supu wa m'mapaketi, tengani paketi imodzi muwerenge zimene alemba kumbuyo kwake, ndipo mudzaona kuti mwa zoyamba kutchulidwa muli sitachi wa chimanga kapena ufa wa tirigu, pamodzi ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Munthu wa BP amene akuthira supu wa m'paketi, timakyubu tokometsera ndi mchere mumphika umodzi amadutsa malire amenewa pa chakudya chimodzi chokha.

Njira zogwiranitsira msuzi tili nazo kale m'khitchini mwathu. Therere lobala mukalidula mopyapyala n'kuliika msanga limatulutsa kutelera kumene kumamanga madzi. Mabiringanya akapsa kwambiri mungawavuule, n'kuwapota ndi mthiko mpaka atasalala, kenako n'kuwabwezera mumphika, ndipo msuzi umalemera popanda ufa uliwonse. Kholifulawa, amene amapezeka m'misika ya m'matauni ndi m'malo ozizira monga ku Dedza ndi ku Ntcheu, amachita chimodzimodzi ndipo tizidutswa take timakhala m'kamwa ngati mbatatesi. Zipalapasiro ndi mapiko zikawira nthawi yaitali zimatulutsa ulimbo wachilengedwe wa m'mafupa ndi m'khungu, ndipo ndi umene umachititsa kuti msuzi wabwino ugwirane ngati phala ukazizira. Mukaona choncho m'mawa musaganize kuti wawonongeka, chifukwa ukatenthedwa umasungunuka.

Njira imene ine ndimaikonda koposa ndi nsinjiro. Masupuni atatu kapena anayi a nsinjiro, osungunula kaye m'kapu ya msuzi wofunda kuti zisachite mibulu, amasandutsa mphika wonse kukhala chakudya cha ulemu chofanana ndi ndiwo zotendera zimene tinazolowera. Zilekeni ziwire kwa mphindi 10 mukutakasa kuti zisapserere pansi. Mtedza uli ndi mafuta ambiri, kotero kwa inu amene mukufuna kuchepetsa thupi muyeso umenewu ukwanire mphika wa masiku awiri. Posankha mtedza wosinja, tayani njere zonse zofota, zakuda ndi zachuku, chifukwa chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Nsinjiro zosinja nokha kuchokera ku mtedza umene mwasankha ndi maso anu n'zodalirika kuposa zogula zosinjasinja zimene simukudziwa kuti zinachokera ku mtedza wotani.

Chinanso, Bambo, ngati achipatala anakuuzanipo kuti impso zanu sizikugwira bwino ntchito, kapena ngati mumadwala nyamakazi ya gout imene imatupitsa chala chachikulu cha kuphazi, kafunseni kaye za muyeso wa nyama ndi msuzi wa mafupa umene ungakuyenereni, pakuti pa matenda awiriwa nyama yambiri imatha kuonjezera vuto.

FUNSO: Mayi, ndimagwira ntchito kuno ku Joni ndipo ndimaweruka usiku. Anzanga a kuntchito amakamba za kadyedwe kotchedwa Banting, ndipo nanenso ndikufuna kuchepetsa mimba. Nkhuku imene ndimakwanitsa kugula ndi ya nthuli zouma ndi chisanu ya m'mapaketi aakulu. Kodi ingatulutse msuzi wabwino? Nanga ndingaphike Lamlungu msuzi wodya sabata yonse?
Mnyamata wa kwa Jali, amene ali ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, dzina limenelo linachokera kwa William Banting wa ku London, amene mu 1863 anafalitsa kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi, ndipo ku South Africa latchuka kwambiri m'zaka zapitazi. Ena amene amatsata kadyedweka amatsitsa makabohaidireti kufika pansi pa magalamu 50 pa tsiku, koma simukuyenera kufika pamenepo kuti muone kusintha. Akatswiri ambiri amawerengera kadyedwe ka pansi pa magalamu 130 pa tsiku kuti n'kochepetsa kale makabohaidireti. Kwa munthu wogwira ntchito yolemetsa, kusiya zakumwa zotsekemera ndi kudya msuzi wodzaza madzulo m'malo mwa papa (nsima ya kumeneko) ndi buledi ndi chiyambi chokwanira.

Nkhuku ya m'mapaketi ingatulutse msuzi wabwino mukaisamalira. Sankhani ntchafu, miyendo ndi mapiko okhala ndi mafupa ndi khungu, chifukwa nyama ya pachifuwa yokha imauma ndipo msuzi wake umakhala wosakoma. Nthuli zambiri zouma ndi chisanu amazibaya madzi a mchere kufakitale, ndipo zimenezi zimalembedwa pa paketi, kotero musathire mchere mpaka mutalawa kumapeto. Zisungunuleni m'firiji usiku wonse, osati padzuwa kapena m'madzi otentha, ndipo muzipukute ziume musanazikazinge, apo ayi zidzangotulutsa madzi mumphika osafiirira. Malita awiri a madzi akwanira kilogalamu imodzi ndi theka ya nyama, ndipo mphindi 40 zikwanira kuti ipse. M'misika ya kumeneko mumapezekanso nkhuku zolimba zimene amazitcha hardbody, ndipo zimenezo ndizo zimayandikira ya chikuda ya kwathu. Pa masamba, sipinachi, kabichi, baby marrow (timaungu tanthete tobiriwira), kholifulawa ndi bowa wa m'sitolo zonse n'zoyenera, ndipo masamba amene kumeneko amawatcha morogo nthawi zambiri ndi bonongwe wathu yemweyu.

Za kusunga, sabata yonse m'firiji wamba ndi yaitali kwambiri. Msuzi ukapsa ugaweni m'makontena aang'onoang'ono kuti uzizire msanga, ndipo ulowe m'firiji pasanathe maola awiri. Mmenemo ungakhale masiku atatu kapena anayi. Wa masiku otsalawo uikeni m'chipinda choumitsa ndi chisanu, mmene ungakhale ngakhale miyezi iwiri uli wabwino. Tsiku lililonse tenthetsani wokwana kudya nthawi imeneyo yokha, uwire ndithu mpaka kubwata, ndipo wotsala m'mbale musaubwezere m'kontena. Ndikulangizaninso kuti masamba ofewa monga sipinachi musawaphikire limodzi Lamlungu, koma muziwadulira mu msuzi pamene mukuutenthetsa, chifukwa amangofuna mphindi zitatu ndipo msuzi wa Lachinayi umakoma ngati wophika kumene. Ngati magetsi azima nthawi yaitali ndipo msuzi wayamba kuchita thovu kapena kununkha mosasa, utayeni.

FUNSO: Mayi, ndili ndi mwana wa miyezi inayi amene akuyamwa, ndipo ndikufuna kubwerera m'thupi langa lakale. Ndaganiza zoti kwa mwezi wathunthu ndizidya msuzi wa nkhuku ndi masamba wokha, ndipo ana anga awiri okulirapo azidya zomwezo kuti ndisamaphike kawiri. Komanso nkhuku yadula, kodi pali njira yotsika mtengo?
Mayi woyamwitsa, Ndirande, Blantyre

YANKHO: Mayi, msuziwu ndi wabwino kwambiri kwa mayi woyamwitsa, koma musadye wokhawo. Thupi limene likupanga mkaka limafuna chakudya chochuluka kuposa masiku onse, ndipo kusiyiratu zakudya zokhutitsa pa nthawi imeneyi kungakufooketseni, mwinanso kukudwalitsani kwambiri. Idyani msuziwo pamodzi ndi nsima ya mgaiwa, mbatata kapena nyemba, ndipo zimene mungachepetse popanda vuto ndi shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mandasi ndi mabisiketi. Mwanayo apitirize kuyamwa bere lokha mpaka atakwanitsa miyezi 6. Ana okulirapowo akukula ndipo akusewera tsiku lonse, kotero nsima yawo, phala lawo ndi zipatso zawo zisachotsedwe. Simukuyenera kuphika kawiri, pakuti mphika womwewo wa msuzi udzakhala ndiwo zawo, ndipo mwina mudzaona kuti masamba amene amawakana akaphikidwa paokha akuwadya mosavuta chifukwa alowerera nkhuku.

Pa za mtengo, msuzi sufuna nyama yapamwamba. Makosi, misana ndi zipalapasiro zimene zimagulitsidwa pa mulu ndizo zili ndi mafupa ndi khungu zopatsa msuzi mphamvu, ndipo theka la kilogalamu lingakwanire mphika wa banja lanu. Popeza nyama yake ndi yochepa, onjezerani mazira awiri kapena atatu: amenyeni m'kapu, n'kuwathira pang'onopang'ono mu msuzi wowira mukutakasa, ndipo adzapsa ngati timizere tofewa timene ana amatikonda. Mukapha nkhuku yathunthu, ntchafu ndi nyama ya pachifuwa zingakhale ndiwo za tsiku loyamba, ndipo mafupa, khosi ndi msana n'kukhala msuzi wa tsiku lachiwiri.

Masamba gulani amene ali pa nyengo yake. M'miyezi yozizira ino kabichi, mpiru ndi repu za m'madimba zimachuluka ndipo mtengo wake umatsika, pamene nthawi ya dzinja bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimamera ngakhale kuseri kwa nyumba. Bowa wa m'tchire amene amabwera ndi mvula amakometsa msuzi kwambiri, koma gulani kwa anthu okhawo amene amamudziwa bwino, chifukwa mitundu ina ndi yakupha ndipo imafanana ndi yodyedwa. M'miyezi ya chilimwe masamba akasowa, mfutso wa khwanya kapena wa nkhwani ungalowe m'malo mwake. Uviikeni kaye m'madzi ofunda kwa mphindi 15, muutsuke kawiri kuti mchenga uchoke, ndipo muuike mumphika pamodzi ndi masamba olimba aja, osati kumapeto, pakuti mfutso umafuna nthawi yotalikirapo kuti ufewe.